J.R.D. TATA: ANALERA AIR INDIA, ANDALE NAWACOTSA PAMPANDO

Aliyense amene anayendapo pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata anaonapo malole ndi mabasi olembedwa dzina lakuti TATA pamphumi. Ena mwa inu munakwezapo matumba a cimanga, thonje kapena nshawa pa malole amenewa. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti dzinali ndi la banja lina la ku India, ndi kuti munthu amene anatsogolera makampani a banjali zaka zoposa 50 mtima wake unali pa ndeke koposa pa malole. Mlungu uno tikamba za munthu ameneyu, Jehangir Ratanji Dadabhoy Tata, amene anthu a kwao anali kungowachula kuti J.R.D. Iwowa ndiwo anayambitsa kampani ya ndeke ya Air India, naiyendetsa bwino ngakhale pamene inakhala ya boma, kufikira tsiku limene andale anawacotsa pampando. Zimene zinaigwera kampaniyo pambuyo pake ndizo zitipangitsa kukumbukira moyo wao lero.

UBWANA WAO

A Tata anabadwa pa 29 July, 1904, mu mzinda wa Paris ku France. Atate ao, a Ratanji Dadabhoy Tata, anali a mtundu wa Aparsi, kagulu kocepa ka anthu a ku India amene makolo ao anacokera ku Persia kalekale. Analinso pacibale ndi a Jamsetji Tata, amene anayala maziko a makampani a Tata. Amai ao, a Suzanne Brière, anali Mfalansa, cotero mwanayo anayamba kulankhula Cifalansa asanadziwe cilankhulo cina ciriconse.

Pa nyengo ya chuti banjali linali kukakhala ku Hardelot, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa France. Kumeneko linayandikana nyumba ndi a Louis Blériot, munthu woyamba kuoloka ndi ndeke nyanja ya pakati pa France ndi England mu 1909. Mnyamatayo anali kuthera masiku akuyang'ana ndeke zikutera pamcenga, ndipo ali ndi zaka 15 anakwera ndeke kwa nthawi yoyamba. Kuyambira tsiku limenelo anatsimikiza mumtima kuti adzaphunzira kuiyendetsa yekha.

Zinthu sizinayende monga anafunira. Amai ao anamwalira mu 1923. Atagwira nchito ya usilikali caka cimodzi m'gulu lankhondo la France, anayembekeza kupita ku yunivesite ya Cambridge kukaphunzira za makina, koma atate ao anawaitana ku Bombay, mzinda umene tsopano uchedwa Mumbai. Kumeneko anayamba nchito m'kampani ya Tata mu 1925 monga wophunzira wosalandira malipiro. Caka cotsatira atate ao anamwaliranso, ndipo mnyamata wa zaka 22 anatsala ndi udindo wosunga abale ake. Ku yunivesite sanapitekonso, ndipo cimeneci cinawadandaulitsa moyo wao wonse.

Mu 1929 anasiya unzika wa France nasankha kukhala nzika ya India. Pa 10 February caka comweco analandira laisensi yoyendetsera ndeke, ndipo inali nambala 1, yoyamba kuperekedwa m'dziko la India. Mu 1930 anakwatira a Thelma Vicaji, koma pa ukwati wao sipanabadwe mwana.

MPIKISANO UMENE ANALEPHERA

Nkhani imodzi ya mu 1930 ionetsa mtima wa munthuyu. Mfumu ya cipembedzo yochedwa Aga Khan inalonjeza mapaundi 500 kwa Mmwenye woyamba kuuluka yekha pakati pa India ndi England. A Tata ananyamuka ku Karachi kulowera ku London. Atatera pafupi ndi Alexandria ku Egypt anapeza mnzao wa pampikisano, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Aspy Engineer, amene anali kucokera ku England koma anaima cifukwa mapulagi a injini yake anafa. A Tata anatenga mapulagi ao apadera nam'patsa. Mnyamatayo anauluka, nafika ku Karachi maola owerengeka a Tata asanafike ku London, natenga mphothoyo. Patapita zaka 30 mnyamata yemweyo anakhala mkulu wa asilikali onse a m'mlengalenga a dziko la India, ndipo ubwenzi wa awiriwa sunathe.

KAMPANI YOYAMBIRA M'KANYUMBA KA MAKUTI

Nthawi yomweyo kunafika ku India munthu wina wobadwira ku South Africa, a Nevill Vintcent, amene kale anali woyendetsa ndeke zankhondo za Britain. Iwowa anaona kuti makalata ocokera ku Ulaya anali kufika ku Karachi pa ndeke, koma kucoka apo anali kuyenda masiku pa sitima ya pamtunda. Anapangana ndi a Tata kuti ayambe kunyamula makalatawo m'mlengalenga. Akuluakulu a kampani ya Tata poyamba anakayika, koma potsiriza wakumpando wao, a Dorabji Tata, analola kuikapo marupiya 200,000. Rupiya ndiyo ndalama ya ku India.

M'mamawa pa 15 October, 1932, a Tata anakwera kandeke ka injini imodzi kochedwa Puss Moth nanyamuka ku Karachi ndi matumba a makalata. Anatera ku Ahmedabad kumwetsa petulo, amene anafika pabwalopo pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe. Masana anafika ku Juhu, m'mbali mwa Bombay, kumene a Vintcent analandira makalatawo napitirira nao ku Madras. Bwalo la ku Juhu linali dambo cabe, ndipo ofesi yao inali kanyumba kofoleredwa ndi masamba a mitengo ya kanjedza. Mvula ikabwera bwalolo linali kusefukira, iwo nasamukira ku Poona kufikira madzi ataphwa. Ngakhale zinali conco, caka coyamba ananyamula anthu 155 pamodzi ndi makalata, napeza phindu la marupiya 60,000.

Mu 1938, ali ndi zaka 34, a Tata anasankhidwa kukhala wakumpando wa makampani onse a Tata, a zitsulo, a magetsi, a nsalu ndi a mahotela. Mu 1945 anatsegula kampani ina imene inayamba ndi mitu ya sitima, ndipo ndiyo inadzapanga malole ndi mabasi amene tiwaona pa miseu yathu. Koma ndeke sanaisiye. Mnzao Vintcent anatayika ndi ndeke mu 1942 pa nthawi ya nkhondo, iwo napitiriza nchitoyo. Mu 1946 kampani ya ndeke inapatsidwa dzina lakuti Air India.

India italandira ufulu wodzilamulira mu 1947, a Tata anapempha boma latsopano kuti agwirizane poyambitsa maulendo opita kunja. Boma linabvomera nilitenga magawo 49 pa 100 alionse. Pa 8 June, 1948, ndeke yochedwa Malabar Princess inanyamuka ku Bombay, niima ku Cairo ndi ku Geneva, nifika ku London. Mu 1950 ndeke za Air India zinayamba kutera ku Nairobi, m'Africa muno.

BOMA LITENGA KAMPANI

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, ndeke zakale za asilikali zinali kugulitsidwa mochipa, cotero m'India munabuka timakampani tambiri ta ndeke, ndipo tocuruka tinali kutaya ndalama. Boma la Nduna Yaikulu Jawaharlal Nehru, limene linakhulupirira kuti nchito zikuluzikulu za dziko zizikhala m'manja mwa boma, linapanga lamulo mu 1953 lotenga makampani onse a ndeke. Makampani asanu ndi atatu a maulendo a m'dziko anaphatikizidwa nakhala Indian Airlines, ndipo ya maulendo akunja inatsala payokha.

A Tata anatsutsa ganizo limeneli poyera. Mantha ao anali akuti anchito a m'maofesi a boma sadziwa za ndeke, ndi kuti andale adzayamba kulowetsa zala pa kulemba anthu nchito ndi pa kugula katundu. Cinawapwetekanso mtima n'cakuti boma linagamula nkhaniyo osawafunsa mokwanira. Komabe pamene a Nehru anawapempha kuti akhalebe wakumpando wa Air India, anabvomera, poopa kuti anchito amene anawaphunzitsa okha angasowe mbusa. Anakhala pampandowo zaka 25 osalandira malipiro.

Zaka 25 zimenezi ndizo zofunika kuziyang'anitsitsa, pakuti zionetsa kuti kampani ya boma ikhoza kuyenda bwino. Mu 1960 Air India inakhala kampani yoyamba ya ku Asia kugwiritsa nchito ndeke ya jeti, yochedwa Boeing 707. Mu 1962 inakhala yoyamba pa dziko lonse kukhala ndi ndeke za jeti zokhazokha. Mu 1971 inalandira cindeke cacikuru ca Boeing 747, nicichedwa Emperor Ashoka. Zaka zambiri kampaniyo inali kupeza phindu, ndipo azungu amene anali ndi makampani aoao anali kusankha kukwera ndeke za dziko losauka cifukwa ca ukhondo, ulemu ndi kusunga nthawi.

Cinsinsi cake sicinali cobisika. A Tata akakwera ndeke sanali kukhala phee monga bwana. Anali kuyendayenda ndi kabuku m'manja, kulawa tiyi, kuyesa mipando, kusuzumira m'zimbudzi, ndipo akatsika anali kulembera mamanijala timakalata tochula colakwa ciriconse, ngakhale cacing'ono. Akapeza fumbi pa tebulo logulitsira matikiti anali kupempha nsanza napukuta okha, anchito akuona, ndipo manyazi amene anawagwira anali kuposa cilango. Pa maudindo anali kuika anthu odziwa nchito, osayang'ana kuti ndi mbale wa yani. Akuluakulu a m'maunduna akafuna kulowerera, anali kukangana nao molimba, ndipo popeza mbiri yao inali yaikuru, nduna zinali kuganiza kawiri zisanawatsutse. Kampani inali ya boma, koma ciongolero cinali m'manja mwa odziwa.

TSIKU LA MANYAZI

Pa masankho a mu 1977 cipani ca mai Indira Gandhi cinagonja, ndipo a Morarji Desai anakhala Nduna Yaikulu. A Desai ndi a Tata anadziwana kuyambira pamene a Desai anali kulamulira cigawo ca Bombay, ndipo sanali kumwerana madzi. A Desai anali munthu wodana ndi mowa, nafuna kuti usamaperekedwe m'ndeke za dziko lao. A Tata anaona kuti kutero kudzathamangitsira alendo akunja ku makampani ena.

Pa 1 January, 1978, ndeke ija ya Emperor Ashoka inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Bombay, ndipo anthu onse 213 amene anali m'menemo anafa. Ofufuza anadzapeza kuti cipangizo cina cosonyeza kapendekedwe ka ndeke cinalakwa, woyendetsa nasokonezeka mumdima. Mtundu ukali kulira maliro amenewa, mu February boma linalengeza maina a bungwe latsopano loyang'anira Air India, ndipo dzina la a Tata munalibe. Palibe nduna imene inawaitana kuwauza maso ndi maso. Anamva nkhaniyi kwa munthu amene anaikidwa m'malo mwao, a P.C. Lal, mkulu wakale wa asilikali a m'mlengalenga, amene pa nthawiyo anali kugwira nchito m'kampani ina ya a Tata omwewo. Kalata ya a Desai inafika pambuyo.

Umu ndi mmene munthu anacotsedwera pa nchito imene anaiyamba ndi manja ake zaka 45 m'mbuyomo. Manijala wamkuru wa Air India ndi wacimwiri wake anatula pansi maudindo ao posonyeza kukwiya, mabungwe a anchito anadandaula, nyuzipepala zinadzudzula boma, koma cigamulo sicinasinthe. Ku makampani onse a boma kunamveka uthenga umodzi, wakuti mpando uliwonse, ngakhale wa munthu wosalandira malipiro ndi wosapezeka ndi mlandu, uli m'thumba mwa wandale.

Mai Gandhi atabwerera m'boma mu 1980 anabwezera a Tata m'bungwe loyang'anira kampaniyo, koma pampando sanawabwezere. Pa 15 October, 1982, pokumbukira zaka 50 za ulendo wao woyamba, nkhalamba ya zaka 78 inakwera kandeke kakale ka injini imodzi niuluka yokha kucoka ku Karachi kufika ku Bombay, monga inacitiranso mu 1962. Colinga cao cinali kutsitsimutsa mitima ya acinyamata ndi ya anchito amene anayamba kufooka.

Mu 1991 anasiyira a Ratan Tata utsogoleri wa makampani a banjalo. Mu 1992 boma linawapatsa ulemu wa Bharat Ratna, umene uposa maulemu onse operekedwa kwa nzika ya India. Anamwalira ku Geneva pa 29 November, 1993, ali ndi zaka 89, naikidwa ku manda a Père Lachaise mu mzinda wa Paris umene anabadwiramo. Nyumba ya Malamulo ya India inaimitsa zokambirana zake powalira.

ZIMENE ANAOPA ZICITIKA

Kampani yaikuru siigwa tsiku limodzi. Imayamba kufumbwa m'kati monga nkhokwe yolowa anankafumbwe, kunja ikuoneka yodzaza. A Tata atacoka, akumpando a Air India anayamba kusinthidwa kawirikawiri monga mwa kufuna kwa nduna, ndipo m'kupita kwa zaka ambiri a iwo anali anchito a m'maunduna amene sanayendetsepo malonda a ndeke. Anchito anacuruka kuposa nchito. Maofesi a boma anali kukweza anthu ao pa nkhongole, ndipo ndeke zinali kucotsedwa pa maulendo a malonda kuti zinyamule atsogoleri a dziko, malipiro ake nacedwa miyezi ndi zaka. Malinga kampani za boma zinalibe wopikisana nazo m'dzikomo, mabala amenewa anali obisika. Koma mu 1994 lamulo lija la 1953 linafafanizidwa, makampani a anthu wamba analoledwa kuuluka, ndipo okwera anayamba kuthawa.

Nkhonya yaikuru inafika m'zaka za 2005 ndi 2006, pamene boma linabvomereza kugula ndeke zatsopano 111 nthawi imodzi: 68 za Boeing za Air India, ndi 43 za Airbus za Indian Airlines. Pafupifupi ndalama zonse zinali zokongola. Mu 2007 boma linaphatikizanso makampani awiriwa kukhala imodzi, ngakhale anali osiyana ndeke, malipiro ndi kagwiridwe ka nchito, ndipo anchito a mbali ziwirizi anakangana zaka zambiri. Mu 2011 mkulu wofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma anapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo. Lipotilo linaonetsa kuti poyamba Air India inafuna ndeke 28 cabe, koma nambala inakwera kufika pa 68 m'kanthawi kocepa unduna utalowererapo, ndi kuti kugula zonsezo ndi nkhongole kunali kuitana tsoka.

Kuyambira caka cophatikizaco kufikira pamene inacoka m'manja mwa boma, Air India inatseka caka ciriconse ndi kutaya ndalama. Malipiro a anchito anali kucedwa. Mu 2012 oyendetsa ndeke ananyanyala nchito pafupifupi miyezi iwiri, ndipo caka comweco boma linalonjeza kuthiramo marupiya mabiliyoni 300 a msonkho kuti kampaniyo isafe. Ndeke zisanu mwa zatsopano zija, za mtundu wa Boeing 777, zinagulitsidwa ku kampani ya Etihad zitangogwira nchito zaka zowerengeka, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene zinagulidwira. Mu 2018 boma linaika kampaniyo pamsika, koma sipanapezeke wogula ngakhale mmodzi.

Pofika August 2021 nkhongole inapitirira marupiya mabiliyoni 615, ndipo boma lomwe linaulula kuti tsiku lirilonse kampaniyo inali kumeza marupiya mamiliyoni 200. Mu October caka comweco kampani ya Tata inapambana pa kugula Air India ndi marupiya mabiliyoni 180. Mwa ndalama zimenezi, mabiliyoni 27 anali operekedwa m'manja, ndipo 153 anali nkhongole imene ogulawo anasenza. Pa 27 January, 2022, patapita zaka pafupifupi 69, kampani inabwerera ku banja limene linaiyamba. Nkhongole yotsala, yoposa mabiliyoni 460, inatsalira boma, ndiko kunena okhoma msonkho. Pakati pao pali alimi a mpunga ndi tirigu mamiliyoni ambiri amene sanapondepo m'ndeke cibadwire. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Apa anadya ndi a m'maofesi, koma m'mimba munapota a kumudzi.

PHUNZIRO KWA IFE

Nkhani yotere si yacilendo kwa ife a m'Zambia. Kampani yathu yakale ya Zambia Airways, imene ndeke zake zinali kuteranso ku Bombay komweko, inatsekedwa mu December 1994 cifukwa ca nkhongole, patangopita caka cimodzi a Tata atamwalira, ndipo mabanja ambiri anatsala opanda nchito.

Tisafulumire kunena kuti ciriconse ca boma ciyenera kufa, kapena kuti kugulitsa ndiwo mankhwala a nthenda zonse. Air India inapitirizabe kutaya ndalama m'zaka zoyamba itabwerera kwa eni ake, pakuti munda umene unagonera zaka 40 sulimika ndi mvula imodzi. Ndiponso zaka zake za ulemerero, kuyambira 1953 kufikira 1978, inali ya boma ndithu. Cimene cinasintha mu 1978 ndi cakuti munthu wodziwa nchito, wokhoza kukaniza nduna, anacotsedwa popanda mlandu, ndipo amene anabwera pambuyo anaphunzira kuti mpando usungidwa pokondweretsa wokuika, osati pokondweretsa wokwera ndeke.

Cotero pamene mumva pa wailesi kuti kampani ya boma yapatsidwa mtsogoleri watsopano, kapena kuti igula katundu wa ndalama zambiri, muli ndi ufulu wofunsa aphungu anu kuti munthuyo wasankhidwa cifukwa ca luso lanji, ndalamazo zicokera kuti, ndipo adzabweza ndani. Mafunso omwewa ayeneranso kufunsidwa pa msonkhano wa kopaletivu ya kwanu posankha wosunga cuma ndi pogula cigayo kapena thirakitala. A Tata anapukuta fumbi pa tebulo la kampani imene siinalinso yao, osalandirapo ngwee, cifukwa anaiyesa cuma ca mtundu wonse. Cuma ca anthu onse cifuna wocisamala wotere, ndipo akapezeka, cifunanso anthu okana kuti asacotsedwe mwacisawawa.